Mpikisano wa Pachilonda: Mmene Maselo Athu ndi Mabakiteriya Amakoperera DNA

Nthalire ndi dera la alimi kumwera kwa boma la Chitipa, m'munsi mwa mapiri a Nyika. Tiyerekeze kuti mwana wa kumeneko wadzitema ndi khasu paphazi nthawi yopalira chimanga. Chipatala chachikulu chili kutali, ku boma, ndipo m'dzinja msewu wopita kumeneko umavuta kwabasi. Mayi ake atsuka balalo ndi madzi ofunda a mchere, alimanga ndi kansalu koyera, kenaka angodikira. Ife a m'mbali mwa nyanja bala lotere sitilisowa, pakuti mbedza ndi minga ya kampango zimatichita zomwezo tsiku ndi tsiku.

Chimene maso athu saona ndi chakuti pabalapo pamayambika mpikisano wa liwiro. Mbali imodzi kuli mabakiteriya, tizilombo tating'onoting'ono timene talowa pamodzi ndi dothi la kukhasu. Mbali inayo kuli maselo a khungu ndi a chitetezo cha m'thupi la mwanayo, amene ayenera kuchulukana kuti atseke balalo ndi kugonjetsa adaniwo. Onsewa amachulukana m'njira imodzi: selo limodzi limagawikana n'kukhala awiri. Koma lisanagawikane liyenera kukopera malangizo onse a moyo wake, kuti ana ake awiriwo aliyense atenge buku lathunthu. Malangizo amenewa ndiwo amatchedwa DNA.

Ena mwa owerenga athu anena kuti imeneyi ndi nkhani ya ana a sekondale amene akukonzekera mayeso a MSCE. Ayi ndithu, abale ndi alongo, ndi nkhani ya m'nyumba mwathu. Kusiyana kwa makoperedwe a bakiteriya ndi a maselo athu ndiko kumachititsa kuti mankhwala ena aphe kachilombo osapha wodwala. Ndipo zolakwika za pokopera ndizo zimachititsa kuti mankhwala omwewo, pakapita zaka, aleke kugwira ntchito.

Buku la zilembo zinayi

DNA ili ngati chingwe cha mizere iwiri yopotana, monga mmene timapotera chingwe cha khonje. Pamzere uliwonse pamandandalikana timagawo ta mitundu inayi yokha, timene akatswiri amatitchula ndi zilembo A, T, G ndi C. Ndondomeko ya zilembo zimenezi ndiyo imanena kuti ichi chikhale chambo, icho chikhale chinangwa, uyu akhale munthu wamtali ngati amalume ake. Akuluakulu poti make mbuu, mwana mbuu, ankanena zimene anaona ndi maso. DNA ndiyo imanyamula mbuu ameneyo.

Chinsinsi chonse chagona pa lamulo limodzi. Chilembo A cha mzere uwu nthawi zonse chimagwirana ndi T wa mzere uwo, ndipo G amagwirana ndi C. Motero ngati mzere umodzi ukuti ATTGC, unzakewo uyenera kunena kuti TAACG. Amene wadziwa mzere umodzi wadziwa yonse iwiri. Izi anazifotokoza James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge m'chaka cha 1953, mothandizidwa ndi zithunzi za X-ray zochokera mu ntchito ya mayi wina katswiri, Rosalind Franklin, ku London. Mayiyu anamwalira mu 1958, mphoto ya Nobel isanaperekedwe kwa anzakewo mu 1962, ndipo dzina lake linatenga nthawi kuti limveke monga linayenera.

Mu 1958 momwemo anyamata awiri a ku America, Matthew Meselson ndi Franklin Stahl, anatsimikiza mmene kukoperako kumachitikira. Iwo analera mabakiteriya otchedwa E. coli pa chakudya chokhala ndi nayitirojeni wolemerera, kufikira DNA yao yonse inalemerera. Kenaka anawasamutsira pa chakudya cha nayitirojeni wamba. Atagawikana kamodzi, DNA ya onse inapezeka kuti ili pakatikati, yosalemera ngati poyamba komanso yosapepuka kwenikweni. Tanthauzo lake ndi lakuti chingwe chakale chimamasuka, mzere uliwonse n'kukhala chitsanzo choumbirapo unzake watsopano. Chingwe chilichonse chatsopano chimakhala theka lakale, theka latsopano.

Antchito a pamphanda

Msodzi aliyense amene anayesapo kumasula chingwe chopota pochikoka mizere yake amadziwa zinthu ziwiri. Choyamba, pamene pakumasukapo pamaoneka ngati mphanda. Chachiwiri, kutsogolo kwa mphandayo chingwe chimapotana moonjeza mpaka kupiringizana, kotero kuti ukapanda kuchimasula ntchito imaima. Zomwezi zimachitika m'selo, ndipo pamphanda imeneyi pali gulu la antchito, ma enzyme, aliyense ndi udindo wake.

Woyamba ndi helicase, amene amayenda patsogolo kulekanitsa mizere iwiri ija. Kutsogolo kwake kuli wina wochotsa mapiringizo: amadula chingwe, n'kudutsitsapo mbali ina, n'kulumikizanso pomwe anadulapo. Mwa bakiteriya wantchito ameneyu dzina lake ndi gyrase, ndipo tikupemphani kuti mulisunge dzinali chifukwa tikumana nalonso kuchipatala. Mmisiri wamkulu ndi polymerase, amene amawerenga mzere wakale chilembo ndi chilembo n'kumaika chinzake choyenera. Mtundu woyamba wa polymerase anautulukira Arthur Kornberg mu 1956.

Mmisiri ameneyu ali ndi zofooka ziwiri. Sangathe kuyamba yekha pamalo popanda kanthu. Amafuna wina, primase, amuikire kaye kachiyambi kakafupi kuti iye apitirize. Chinanso, amasoka cholowera mbali imodzi yokha, ngati makina a telala amene alibe chobwerera m'mbuyo. Tsono mizere iwiri ya DNA inagona mosemphana, uwu mutu uku, uwo mutu uko. Pamzere umodzi polymerase amangotsatira helicase pambuyo osaima. Pamzere winawo njira yake imaloza kutali ndi mphanda, motero amasoka kachigawo, n'kubwerera kumphanda kumene kwamasuka malo ena, n'kuyambanso kachigawo kena. Pambuyo pake tiziyambi tija timachotsedwa, mipata n'kudzazidwa, ndipo wantchito wotsiriza, ligase, amalumikiza tizigawo tonse kukhala mzere umodzi.

Tizigawo timeneti timatchedwa ndi dzina la Okazaki, banja la ku Japan, bambo Reiji ndi mkazi wao Tsuneko, amene anagwirira ntchito limodzi pa yunivesite ya Nagoya ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 1968. Bamboyo anamwalira ndi khansa ya m'magazi mu 1975 ali ndi zaka 44, mayiyo n'kupitiriza ntchitoyo.

Mpaka apa zonse n'zofanana, kaya ndi mwa bakiteriya wa m'dothi la ku Nthalire, kaya ndi m'khungu la mwana wathu uja. Kusiyana kukuyamba tsopano.

Bakiteriya: nyumba ya chipinda chimodzi

Akatswiri amagawa maselo onse m'magulu awiri. Gulu loyamba, ma prokaryote, ndi maselo opanda chipinda chapadera chosungiramo DNA. Ali ngati nyumba ya chipinda chimodzi mmene mphasa, miphika ndi mbewu zili pamodzi. Mabakiteriya onse ali m'gulu limeneli: oyambitsa kolera, tayifodi, chifuwa chachikulu ndi khate. Gulu lachiwiri, ma eukaryote, lili ndi kachipinda ka pakati kotchedwa nyukiliyasi, mmene DNA imatsekeredwa. Umu muli ife anthu, ng'ombe, nsomba, chimanga, bowa, ngakhalenso kachilombo ka malungo.

DNA ya mabakiteriya ambiri ndi chingwe chimodzi cholumikizana nsonga ndi nsonga ngati chibangili. Ya E. coli ili ndi zilembo pafupifupi 4.6 miliyoni pamzere uliwonse. Kukopera kumayambira pamalo amodzi okha. Mphanda ziwiri zimachoka pamenepo, ina kumanja ina kumanzere, n'kuzungulira chibangili chija mpaka kukakumana kuseri. Mphanda iliyonse imasoka zilembo pafupifupi 1,000 pa sekondi imodzi, ndipo ntchito yonse imatha m'mphindi ngati 40.

Chodabwitsa n'chakuti chakudya chikachuluka ndiponso kukafunda, E. coli amagawikana mphindi 20 zilizonse. Zitheka bwanji, poti kukopera kumafuna mphindi 40? Yankho lake n'lakuti sadikira kuti ulendo woyamba uthe. Mphanda zoyamba zili m'njira, iye amayambitsa zina pambuyo pake, kotero kuti mwana amabadwa ntchito yokopera buku la zidzukulu itayamba kale. Pa liwiro limeneli bakiteriya mmodzi amene walowa m'mawa akhoza kukhala ndi mbumba yoposa 16 miliyoni pakatha maola 8. Pabala lenileni safika pamenepo, chifukwa chakudya chimaperewera ndipo asilikali a m'thupi amawapha ochuluka. Mafinya amene timaona ndi mitembo ya pankhondo imeneyo. Komabe chiwerengerochi chikutiuza chifukwa chake nsomba ya ndiwo yogona osatenthetsa imasasa usiku umodzi, ndiponso chifukwa chake kutsuka bala pa ola loyamba kumaposa kulitsuka mawa.

Maselo athu: dima la anthu zikwi

Selo la munthu lili ndi katundu wolemera kwambiri. Zilembo zake ndi zoposa 6 biliyoni, theka lochokera kwa mayi, theka kwa bambo, ndipo zinagawidwa m'zingwe 46 zotchedwa makromozomu. Mutazilumikiza zingwe za selo limodzi lokha zikhoza kutalika pafupifupi mamita awiri, koma zonsezo zimakwana m'kachipinda kosaoneka ndi maso. Zimakwanamo chifukwa zinakulungidwa pa timibulu totchedwa histone, monga ulusi umakulungidwira pa kamtengo. Pokopera, timibulu timeneti tiyenera kuchotsedwa kutsogolo kwa mphanda ndi kubwezeretsedwa kumbuyo kwake. N'chifukwa chake mphanda yathu imayenda pang'onopang'ono, zilembo zosapitirira 50 pa sekondi, ndipo tizigawo ta Okazaki tathu ndi tatifupi, ta zilembo 100 mpaka 200, pamene ta bakiteriya timafika 1,000 mpaka 2,000.

Tiwerengetsere limodzi. Kromozomu yaikulu koposa mwa munthu ili ndi zilembo pafupifupi 248 miliyoni. Ikadakhala ndi poyambira pamodzi ngati bakiteriya, mphanda ziwiri zikadatha mwezi wathunthu zisanamalize. Bala la mwana uja likadapola liti? Koma mutu umodzi susenza denga. Selo lathu limachita ngati mwini munda waukulu amene waitana dima: olima amayambira malo ambiri nthawi imodzi, aliyense n'kulima mpaka akumane ndi mnzake. Malo oyambira m'selo la munthu alipo zikwi makumi angapo, ndipo ntchito yonse imatha m'maola ngati 8.

Dima lotere limafuna kapitao wamaso, chifukwa ndime ina ikhoza kulimidwa kawiri, ina n'kuiwalika. Selo limapewa izi poika chizindikiro cha chilolezo pamalo onse oyambira ntchito isanayambe. Malo akagwiritsidwa ntchito, chilolezo chimachoka, ndipo sichiperekedwanso mpaka selo litagawikana. Pali ngakhale malo ofufuzira pamene selo limaima kuona ngati zonse zakopedwa bwino, ndipo zikaonongeka kwambiri selo limadzipha lokha kuti lisabereke ana olumala.

Vuto lina limene bakiteriya wa chibangili salidziwa ndi la kunsonga. Zingwe zathu zili ndi mapeto, ndipo kachiyambi kotsiriza kakachotsedwa kunsonga sipakhala poti polymerase agwire kuti adzaze mpatawo. Motero pa kugawikana kulikonse chingwe chimafupika pang'ono. Kunsongako kuli zilembo zongobwerezabwereza, TTAGGG kambirimbiri, zotchedwa telomere, zimene zimagwira ntchito ngati mfundo imene timamanga kumapeto kwa chingwe cha bwato kuti chisamasuke. Zimenezi ndizo zimayamba kudyeka, malangizo enieni n'kutetezeka. Leonard Hayflick anaonetsa mu 1961 kuti maselo a munthu oleredwa m'botolo amagawikana pafupifupi ka 50 kenaka n'kuleka. Mu 1984 Carol Greider ndi Elizabeth Blackburn anapeza wantchito wotalikitsanso nsonga zimenezi, telomerase, amene amagwira ntchito m'maselo a ubereki ndi ena ochepa. Maselo ambiri a khansa amamudzutsa wantchito ameneyu, n'kumagawikana osaleka.

Mankhwala ambiri a khansa amalimbana ndi kukopera kwa DNA, koma poti selo la khansa ndi selo lathu lomwe, mankhwalawo sasiyanitsa bwino. Amakantha chilichonse chimene chikugawikana msanga: mizu ya tsitsi, m'kamwa, m'matumbo ndi m'mafuta a m'mafupa mmene magazi amapangidwa. Kholo limene laona mwana wake akuthothoka tsitsi ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre lisaganize kuti madokotala alakwitsa mankhwala kapena kuti pali dzanja la munthu. Tsitsilo limameranso mankhwala akatha.

Pamene mankhwala amalowera

Ndi bakiteriya zinthu n'zosavutirapo, chifukwa antchito ake ndi osiyana ndi athu. Gyrase uja tinakupemphani kusunga, maselo athu ali ndi mnzake wogwira ntchito yofanana koma wa maonekedwe ena. Mankhwala otchedwa ciprofloxacin amamugwira gyrase wa bakiteriya pa nthawi imene wadula chingwe, n'kumuletsa kulumikizanso. Mphanda ikafika pamenepo imapeza chingwe choduka, ndipo bakiteriya amafa. Wantchito wathu mankhwalawa samugwira kwenikweni pa muyeso umene adokotala amapereka. Bactrim, amene ambiri timamudziwa, amadzera njira ina: amatsekereza bakiteriya kupanga chakudya china chotchedwa folate, chimene popanda icho chilembo T sichipangika. Mmisiri alipo, koma njerwa zamuthera. Ife folate timamupeza m'masamba ndi nyemba, sitimupanga tokha, motero mbali ina ya msampha umenewu imatiphonya. Fansidar amachita chimodzimodzi kwa kachilombo ka malungo.

Pali kanthu kena kamene sitingakadumphe. M'maselo mwathu muli timatumba topanga mphamvu, mitochondria, timene tili ndi DNA yaketake ya chibangili ngati ya bakiteriya, ya zilembo 16,569, ndi polymerase waketake. DNA imeneyi munthu amaitenga kwa mayi yekha, ngati mmene ife ambiri a kunyanja timawerengera mtundu kuchikazi. Pamene boma linayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, m'mapiritsiwo munali stavudine, amene amanamiza wokopera wa HIV pomupatsa chilembo chabodza chimene chimadula mzere. Anapulumutsa miyoyo yochuluka, koma ankanamizanso polymerase wa mitochondria, ndipo ena ankamva dzanzi kumapazi kapena kulowa masaya. Pakati pa 2011 ndi 2013 dziko lino linawasiya mankhwalawo n'kuyamba ena okhala ndi tenofovir.

Wokopera amalakwitsanso

Polymerase amaika chilembo cholakwika pafupifupi kamodzi pa zilembo 100,000 zilizonse. Koma ali ndi khalidwe labwino lobwerera kukafufuta pomwepo, ndipo pambuyo pake pamadutsa gulu lina loona zimene iye waphonya. Zonse zikatha, cholakwika chimatsala chimodzi pa zilembo biliyoni kapena kuposerapo. Palibe kalaliki pa dziko lino amene angafike pamenepo. Komabe pamene okopera ali mamiliyoni, cholakwika chosowa chija chimapezeka ndithu mwa wina.

Tione chifuwa chachikulu. Kachilombo ka TB kali ndi zilembo 4.4 miliyoni ndipo ndi kaulesi: kamagawikana kamodzi pa maola 15 mpaka 20. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene matendawa amayambira mwakachetechete ndiponso mankhwala ake amatengera miyezi 6. M'mapapo a munthu wodwala kwambiri mukhoza kukhala tizilombo 100 miliyoni kapena kuposa. Mwa tizilombo miliyoni imodzi iliyonse, pafupifupi kamodzi kamabadwa ndi cholakwika chimene chimakachititsa kusamva mankhwala a isoniazid. Mwa 100 miliyoni, kamodzi sikamva rifampicin. Tizilombo timeneti sitinaphunzire kanthu; tinangobadwa tero mwangozi, mankhwala asanafike n'komwe. Wodwala akamwa mtundu umodzi wokha wa mankhwala, ena onse amafa, kosamva kaja n'kutsala ndi munda wonse. Koma kuti kachilombo kamodzi kabadwe ndi zolakwika zonse ziwiri pakamodzi n'chinthu chosowa kotheratu. N'chifukwa chake kuchipatala amayamba ndi mitundu inayi pamodzi. Amene amadumphadumpha masiku kapena kuleka akangomva bwino amapatsa tizilombo mpata wosonkhanitsa zolakwikazo chimodzichimodzi.

Apa tinene mosabisa. Chizolowezi chogula makapisozi awiri kapena atatu pa okala mwana akatsegula m'mimba, kapena kuthira ufa wa kapisozi pachilonda, n'chimodzimodzi kupalira munda wa tizilombo tosamva mankhwala. Tikudziwa kuti kumadera ngati Nthalire, kapena kumadooko akutali a kwathu kuno, okala ali pafupi kuposa chipatala, ndipo sitikunyoza kholo limene lathamangira pamenepo usiku. Koma wogulitsa amene amadula muyeso molingana ndi ndalama za wogula akuononga mankhwala a mudzi wonse.

Mabakiteriya ali ndi njira inanso imene ife tilibe. Kupatula chibangili chachikulu, ambiri amasunga tizibangili ting'onoting'ono, ma plasmid, timene timadzikopera patokha ndipo timatha kupatsidwa kwa bakiteriya wina, ngakhale wa mtundu wina. Malangizo okanira mankhwala angapo akhoza kuyenda pamodzi m'njira imeneyi ngati katundu wa m'thumba limodzi. Ku Blantyre, kuyambira 1998 mpaka 2010, chipatala cha Queen Elizabeth chinkapeza tayifodi m'magazi a anthu pafupifupi 14 pachaka. Kenaka kunafika mtundu wina, H58, wosamva amoxicillin, chloramphenicol ndi Bactrim, ndipo mu 2014 chiwerengerocho chinafika pa 782. Madokotala anatsamira pa ciprofloxacin, koma naye chilembo chimodzi chikasintha m'malangizo opangira gyrase mphamvu yake imayamba kuchepa. Katemera wa tayifodi amene anayesedwa pa ana a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira 2018, n'kuperekedwa dziko lonse mu 2023, anabwera pa nthawi yake.

Nkhani ya malungo ili ndi mbali yolimbikitsa. Kachilombo kake ndi ka gulu lathu la nyukiliyasi, ka makromozomu 14, ndipo kakalowa m'selo lofiira la magazi kamakopera DNA yake kangapo konse kasanagawikane, kenaka pakatha maola 48 n'kuphulika ana oposa khumi nthawi imodzi. Dziko la Malawi linali loyamba mu Africa kusiya kolorokwini, mu 1993, chifukwa anali atasiya kuchiza. Ku Blantyre chilembo chosinthika chimene chinkateteza kachilomboka chinapezeka mwa odwala 85 pa 100 alionse mu 1992, koma pofika 2000 chinatsika kufika pa 13. Kolorokwini atachoka, tizilombo tokhala ndi kusinthako tinayamba kugonja kwa tinzake, pakuti chishango chimalemera pamene palibe nkhondo. Izi sizikutanthauza kuti tibwerere ku kolorokwini. Kuyambira 2007 mankhwala a malungo m'zipatala zathu ndi LA.

Zimene anawerenga ku Chilumba

Kum'mawa kwa Nthalire, kutsika mapiri mpaka kunyanja, kuli boma la Karonga. Pa Chilumba m'boma limenelo panayambika ntchito yofufuza za khate mu 1979, mothandizidwa ndi bungwe la LEPRA. Pambuyo pake ntchitoyo inadziwika kuti Karonga Prevention Study, n'kutembenukira ku TB ndi HIV, ndipo lero ili pansi pa bungwe la MEIRU. Kwa zaka zambiri ofufuzawo ankasunga tizilombo tochokera m'makhololo a odwala TB a m'bomalo. Makina owerengera DNA atafika potsika mtengo, anawerenga buku lonse la kachilombo ka odwala 1,687 a pakati pa 1995 ndi 2010, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2015.

Nzeru yake ndi yomwe ija ya zolakwika za pokopera. Anapeza kuti mwa zilembo 4.4 miliyoni za kachilombo ka TB, zosintha sizikwana ngakhale chimodzi pachaka. Motero odwala awiri akakhala ndi tizilombo tosiyana zilembo zowerengeka chabe, ndiye kuti anapatsirana, kapena anatenga kwa munthu mmodzi posachedwapa. Akasiyana zilembo mazanamazana, matenda ao alibe ubale, ngakhale anthuwo atamagona nyumba imodzi.

Pamenepa panatuluka chinthu chimene mabanja ambiri ayenera kuchimva. Odwala ankafunsidwa ngati pali wachibale kapena wina wodziwika amene anadwalapo TB iwo asanadwale. Mwa amene anatchula munthu, ndipo tizilombo ta onse awiri n'kuwerengedwa, ochepera theka ndiwo anapezeka kuti anatengadi kwa munthu anamutchulayo. Powerengera odwala onse, ofufuzawo anapeza kuti pafupifupi mmodzi yekha mwa 10 ndiye anatenga matendawa kwa munthu amene ankamudziwa kuti akudwala. Ena onse anawatenga kwina, kwa anthu amene sanawaganizire n'komwe. Tikudziwa mmene zimakhalira m'midzi mwathu: mtengwa kapena mkamwini akayamba kutsokomola, kenaka wina m'banjamo n'kudwala, chala chimaloza iye, mbale yake imapatulidwa, nthawi zina ukwati n'kugwedezeka. Wokhala nyumba imodzi ndi wodwala ayeneradi kukayezetsa, chifukwa chiopsezo chake n'chachikulu kuposa cha ena. Koma mlandu wakuti wabweretsa matenda ndi uje, zilembo za ku Chilumba zaonetsa kuti kawirikawiri umagwera munthu wosalakwa.

Njira yomweyo inathandiza kuona za amene amadwalanso atamaliza mankhwala. Ena kachilombo kao kanali komwe kaja, katangobisala. Ena kanali kachilendo kotheratu, kutanthauza kuti anachira bwinobwino koma anatenganso kwina, ndipo izi zinkachitika kwambiri mwa amene ali ndi HIV.

Kukopera kumene takambaku anthu anakuweta, ndipo tsopano kukugwira ntchito m'zipatala za maboma. Makina otchedwa GeneXpert, amene bungwe la WHO linawavomereza mu Disembala 2010, amatenga makhololo a wodwala, n'kuika polymerase, tiziyambi ndi zilembo zinayi zija m'kabotolo, n'kumatenthetsa ndi kuziziritsa mobwerezabwereza. Kutentha kumalekanitsa mizere m'malo mwa helicase, ndipo ulendo uliwonse chiwerengero chimawirikiza kawiri, kufikira kachigawo ka DNA ya TB kachuluka moti makina akhoza kukaona. Polymerase wopirira kutentha wa ntchito zotere anayamba kumupeza mwa bakiteriya wa m'akasupe otentha a ku Yellowstone ku America, akasupe onga a ku Mawira ku Nkhotakota. Kachigawo kamene makinawa amakopera ndi komwe kamasintha kachilombo kakasiya kumva rifampicin. Motero m'maola awiri adokotala amadziwa ngati munthu ali ndi TB ndiponso ngati mankhwala a masiku onse amuthandiza, pamene kale, podikira kuti kachilombo kaulesi kaja kamere m'botolo, yankho limeneli linkatenga masabata 6 kapena kuposerapo.